Msonkho wa madola 200 wagwa, kaundula wa mfuti asagwe nawo

Ku America kuli sitampu ina yomwe simatidwa pa envulopu. Kwa zaka zoposa 90 mtengo wake unali umodzimodzi, madola 200, ndipo munthu ankayembekezera miyezi kuti aione. Ankaimata pa fomu ya boma, nambala ya chida n'kuilemba pamwamba pake, ndipo pepala limenelo ndilo linkasiyanitsa mwini mfuti wolemekezeka ndi munthu woyenera kukaseweza zaka 10 kundende. Kuyambira pa 1 January 2026, mtengo wa sitampuyi pa zida zambiri zomwe inkakhudza, monga mfuti zazifupi ndi tizitsulo tochepetsa kulira kwa mfuti, wafika pa ziro. Anthu okonda mfuti kumeneko akuvina, odana ndi mfuti akulira, koma ine ndikuona kuti magulu onse awiri akuyang'ana pa ndalama pomwe nkhani yagona pa kaundula.

Maganizo anga ndi awa. Msonkhowo unali chinyengo kuyambira tsiku loyamba, ndipo sindiulira. Koma kulembetsa chida, kupereka zidindo za zala, kufufuzidwa mbiri ndi kudikira chilolezo musanatenge chidacho, zimenezo ndiye mbali ya lamuloli yomwe yagwira ntchito. Vuto n'loti aphungu a 1934 anamangirira mbali yabwinoyo pa mbali yachinyengo, ndiye lero mwala wapansi wachotsedwa, nyumba yonse ikugwedezeka.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. Kuchokera mu 1920 mpaka 1933 dziko la America linaletsa kupanga ndi kugulitsa mowa. Aliyense amene anakulira pafupi ndi mayi wotcheza kachasu akudziwa zomwe zimachitika boma likaletsa mowa: mowa sutha, umangosamukira kuseri kwa nyumba, mtengo n'kukwera. Ku Chicago malondawo anagwera m'manja mwa magulu a zigawenga, ndipo pa 14 February 1929 amuna 7 anaimikidwa moyang'ana khoma m'galaja ina n'kuwomberedwa. Mwa zida zomwe zinagwiritsidwa ntchito munali mfuti za chiwaya zotchedwa Thompson, zija zolavula zipolopolo ngati matalala bola chala chisachoke pokhethemulira. Ambiri ankaloza chala gulu la Al Capone, koma palibe amene khoti linamupeza wolakwa pa mlandu umenewu. Capone yemweyo boma linadzamugwira mu 1931, osati chifukwa cha magazi, koma chifukwa chozemba msonkho. Kumbukirani mfundo imeneyi, chifukwa ikusonyeza momwe boma la ku Washington linkaganizira nthawi imeneyo: pamene lamulo la milandu lalephera kufika, tumizani wokhometsa msonkho.

Mu February 1933 munthu wina ku Miami anawombera komwe kunali Franklin Roosevelt, yemwe anali atangosankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko. Anamuphonya, koma analasa meya wa Chicago, Anton Cermak, yemwe anamwalira patapita masabata ochepa. Mfuti yake inali yaing'ono, ya m'thumba. Chaka chotsatira, pa 26 June 1934, Roosevelt anasaina lamulo lotchedwa National Firearms Act, lomwe eni ake amangolitchula kuti NFA.

Mkulu wa zamalamulo m'boma la Roosevelt, Homer Cummings, ankadziwa kuti boma lalikulu lilibe mphamvu zoonekeratu zongoletsa mfuti. Nkhani za chitetezo cha m'midzi ndi m'mizinda zinali za maboma a zigawo, komanso malamulo aakulu a dzikolo ali ndi ndime yachiwiri ija yoteteza ufulu wokhala ndi zida. Koma mphamvu yokhometsa msonkho ndiye palibe akanaitsutsa. Njira imeneyi anali ataiyesa kale pa mankhwala ozunguza bongo mu 1914, pa lamulo la Harrison. Choncho anati: sitikuletsa, tikungokhometsa. Ndipo popeza msonkho sungatoleredwe popanda kudziwa amene ali ndi katunduyo, aliyense alembetse. Kaundula analowa choncho, ngati mlendo wobwera pamsana pa msonkho.

Madola 200 a nthawi imeneyo sanali masewera. Pa ndalama ya lero ndi oposa madola 4,000. Mfuti ya Thompson inkagulidwa pafupifupi madola 200 omwewo, ndiye kuti msonkho unangowirikiza mtengo kawiri. Pa sayilensa, kachitsulo kovekedwa kukamwa kwa mfuti kuti ichepetse phokoso, zinali zoseketsa kwambiri, chifukwa kanthu kogulidwa madola owerengeka kankafuna msonkho wa madola 200. Ameneyu sanali msonkho wofuna kudzaza thumba la boma. Unali mpanda, kungoti anaupaka laimu n'kuutcha msonkho. Khoti lalikulu la Supreme linadziwa zimenezi koma linatsinzina. Mu 1937, pa mlandu wa Sonzinsky, linagamula kuti bola lamulo likubweretsa kandalama, oweruza sangayambe kufukula zomwe aphungu anali nazo mumtima.

Mpanda wa ndalama uli ndi vuto limodzi lalikulu: susankha khalidwe, umasankha thumba. Mlimi wa ku Arkansas wofuna kuteteza makutu ake sakanatha kulumpha. Mkulu wa zigawenga wovala suti akanatha, akanafuna, kungoti iyeyo analibe n'komwe maganizo opita kukalembetsa. Ndiye poti aphungu sanasinthe chiwerengerocho kwa zaka zonsezi, kukwera mtengo kwa zinthu kunaudya mpandawo pang'onopang'ono ngati chiswe. Pofika zaka za m'ma 2000, madola 200 anali ndalama yoti munthu wapantchito akhoza kupereka osagona ndi njala. Lamulo lomwe mphamvu yake imatha yokha chifukwa mtengo wa buledi wakwera ndi lamulo lomwe silinaganiziridwe bwino.

Tsono taonani zomwe zinalowa m'kaundulayu ndi zomwe zinatsala kunja, chifukwa apa ndi pamene nkhaniyi imandizunguza mutu. Bilu yoyamba ya Cummings inkafuna kuti mfuti za m'thumba, mapisitolo, zilembetsedwenso. Olemba biluyo anaganiza bwino: tikakhwimitsa pisitolo, wochenjera adzangotenga mfuti yaitali n'kuidula ndi sowo kuti ilowe m'jekete. Choncho anawonjezera ndime zokhudza mfuti zodulidwa mpope, pofuna kutseka bowo limenelo. Koma biluyo ili m'nyumba ya malamulo, mabungwe a eni mfuti, kuphatikizapo National Rifle Association, anakana zolimba, ndipo mapisitolo anachotsedwamo. Ndime za mfuti zodulidwa zija zinatsala. Ndiye kuti anagwetsa khola n'kusiya chitseko chili chiimire pabwalo, loko wake ali pomwepo, ndipo kwa zaka 90 boma lakhala likulondera chitseko chimenecho.

Tiyerekeze kuti muli m'sitolo ya mfuti ku Texas. Patebulo pali mfuti ziwiri zofanana zonse, za kampani imodzi, zolowa zipolopolo zofanana. Wogulitsa atenga kandodo koyezera n'kukalowetsa mumpope wa yoyamba: mainchesi 16, omwe ndi masentimita 40 ndi kachidutswa. Imeneyo mulemba fomu wamba, iye aimba kapena kulowa pa kompyuta kuti a FBI, apolisi ofufuza a boma lalikulu, akufufuzeni, ndipo nthawi zambiri mutuluka nayo tsiku lomwelo. Yachiwiri yapelewera ndi kachikhadabo chabe. Imeneyo ndi ya NFA. Mudinda zala, mujambulitsa nkhope, mulemba fomu yotchedwa Form 4, kalata ipita kwa mkulu wa apolisi wa m'dera lanu kumudziwitsa, ndipo mapepala apita ku ofesi ya ATF, nthambi ya boma yoyang'anira nkhani za mfuti, ku Martinsburg, m'chigawo cha West Virginia. Mfutiyo mwalipira kale, koma itsala m'sefa ya sitolo kufikira chilolezo chitabwera. Eni ake kudikira kumeneku amakutcha kuti mfuti ili m'ndende. Zaka zapitazo ndendeyo inkatha kufika chaka chathunthu. Mafomu a pa intaneti atakhazikika, mu 2024 ambiri anayamba kulandira yankho m'masiku owerengeka. Pa mfuti ya shotigani malire ake ndi mainchesi 18. Mukadula nokha kunyumba popanda chilolezo cha Form 1, mwapalamula mlandu wa zaka mpaka 10.

Pakona ya sitolo yomweyo pali pisitolo, yaifupi kuposa zonsezi, yolowa m'thumba la buluku. Imeneyo siifuna sitampu. Ndipo ziwerengero za FBI chaka ndi chaka zimasonyeza kuti pa anthu ophedwa ndi mfuti zomwe mtundu wake unadziwika, ochuluka kwambiri amaphedwa ndi mfuti za m'thumba zomwezi.

Wina anganene kuti mainchesi awiri kapena atatu ndi nkhani yaing'ono. Pitani mukafunse ku Ruby Ridge, m'mapiri a Idaho. Randy Weaver anagulitsa mashotigani awiri odulidwa kwa munthu yemwe anali kazitape wa ATF. Sanapite kukhoti pa tsiku la mlandu, ndipo mu August 1992 apolisi a boma lalikulu anazinga nyumba yake. Pomatha zonse, mwana wake wa zaka 14, Sammy, mkazi wake Vicki, ndi wapolisi William Degan anali atafa. Sindikuyeretsa Weaver, maganizo ake pa nkhani za mitundu ya anthu anali onyansa. Koma maliro atatu anayambira pa kutalika kwa mpope.

Pofika apa mwina mukuganiza kuti ndikugwirizana ndi omwe akufuna lamulo lonse lifafanizidwe. Ayi ndithu. Pali chinthu chimodzi chomwe ngakhale okonda mfuti amachinena monyadira: zida zolembetsedwa m'kaundula wa NFA sizipezekapezeka pa milandu. Masayilensa olembetsedwa alipo mamiliyoni angapo tsopano, ndipo mu 2017 mmodzi mwa akuluakulu a ATF, Ronald Turk, analemba yekha kuti zida zimenezi sizigwiritsidwa ntchito kawirikawiri pa umbanda. Iwo amati umenewu ndi umboni woti kaundula ndi wosafunika. Ine ndikuti ndi umboni woti kaundula akugwira ntchito. Munthu amene wadinda zala zake zonse, wapereka chithunzi, dzina lake lalembedwa moyandikana ndi nambala ya chida, ndipo akudziwa kuti sangachipereke kwa msuweni wake popanda fomu ina, amachisunga chidacho ngati dzira. Sachisiya m'galimoto yosakhoma. Sachigulitsa pamalo oimika magalimoto kwa munthu wongokumana naye pa intaneti. Kunena kuti kaundula achoke chifukwa olembetsa sapalamula kuli ngati kugwetsa mpanda wa dimba chifukwa mbuzi sizinalowemo chaka chino.

Ndivomereze kuti pali mbali ina. Anthu olembetsa zida zimenezi nthawi zambiri ndi akuluakulu, a ndalama zawo, odekha mokwanira kudikira miyezi, ndipo anthu otere sapalamula milandu yachiwawa kawirikawiri ngakhale pakanapanda kaundula. Ndiye n'kovuta kulekanitsa chomwe chachita ndi kaundula ndi chomwe chachita ndi thumba. Komanso kaundula si mankhwala a zonse. Pa 31 May 2019 ku Virginia Beach, wogwira ntchito ku khonsolo ya mzinda anapha anthu 12, ndipo pa imodzi mwa mfuti zake panali sayilensa yomwe anaigula motsatira malamulo. Koma kuchotsa msonkho n'kusiya kaundula ndiyo njira yokhayo yodziwira chomwe chinkagwira ntchito pa ziwirizi. Zaka zikubwerazi zitiuza, malinga kaundulayo apulumuke.

Za sayilensa ndinenepo pang'ono, chifukwa ambirife timaidziwira m'mafilimu a kuvidiyo shoo, momwe munthu amawombera mnzake m'chipinda, woyandikana naye osadzuka. Limenelo ndi bodza la mafilimu. Kulira kwa mfuti yaitali kumafika pa madesibelo 160 kapena kupyola. Sayilensa imachotsapo pakati pa 20 ndi 35. Chotsalacho n'chiphokoso ndithu, kungoti sichiboola makutu msanga. N'chifukwa chake alenje ku Norway, Finland ndi New Zealand amaigwiritsa ntchito ngati chinthu wamba. Munthu woteteza makutu ake ndi a galu wake sankayenera kulipitsidwa ngati wogula chiwaya. Koma kulemba dzina lake, chavuta n'chiyani?

Mfuti za chiwaya zili ndi nkhani yakeyake. Mu 1986 phungu wa ku New Jersey, William Hughes, analowetsa ndime m'lamulo lomwe Ronald Reagan anasaina pa 19 May chaka chimenecho. Ndimeyo inatseka kaundula: chiwaya chilichonse chopangidwa pambuyo pa tsikulo munthu wamba sangachilembetse. Zakale zokha ndizo zimagulitsidwa, ndipo poti sizikuchuluka, mtengo wake unakwera kufika madola masauzande makumimakumi. Apanso thumba ndilo likusankha, ndipo chiwaya chovomerezeka chasanduka chuma chosunga anthu olemera, ngati ng'ombe za m'khola. Koma pano sindidandaula kwenikweni, chifukwa chiwaya ndi chida chosiyanadi ndi zinzake, ndipo mu 1986 aphungu analetsa poyera, osabisala kuseri kwa msonkho. Chodetsa nkhawa lero si chiwaya cha bambo wachuma chokhala m'sefa, koma tizitsulo ting'onoting'ono tosaloledwa tomwe anyamata akumamatika kumbuyo kwa pisitolo ya Glock kuti izilavula ngati chiwaya. Timeneto sitinalowepo m'kaundula aliyense, ndipo ndi ntchito ya apolisi, osati ya wolemba mafomu.

Lamulo lomwelo la 1986 linaletsanso boma lalikulu kukhazikitsa kaundula wa mfuti wamba. Ndiye dziko lili ndi kaundula wolongosoka wa zida zomwe sizipha anthu ambiri, ndipo lili ndi lamulo loletsa kaundula wa zida zomwe zikupha anthu tsiku ndi tsiku.

Kumanga lamulo mokhotakhota kumabala milandu yokhotakhota. Mu 1939 khoti la Supreme linamva mlandu wa Jack Miller, yemwe anagwidwa atawoloka ndi shotigani yodulidwa kuchoka ku Oklahoma kupita ku Arkansas. Kumbali yake kunalibe loya woyankhula, ndipo iye mwini anaphedwa chigamulo chisanatuluke. Khoti linamva mbali ya boma yokha, komabe chigamulocho chinakhala mzati wa nkhani za mfuti kwa zaka pafupifupi 70. Mu 1968, pa mlandu wa Haynes, khoti linapeza kuti kukakamiza munthu wokhala ndi mfuti mosaloledwa kuti akalembetse n'chimodzimodzi kumukakamiza kudziulula mlandu, zomwe malamulo aakulu amaletsa. Zinatanthauza kuti chigawenga sichikanaimbidwa mlandu wosalembetsa, koma munthu wosapalamula akanaimbidwa. Aphungu anathamanga kukonza chaka chomwecho, n'kupereka masiku 30 oti aliyense alembetse popanda chilango. Posachedwapa taonanso zomwezo. Munthu atapha anthu 58 usiku umodzi ku Las Vegas pa 1 October 2017, pogwiritsa ntchito zida zotchedwa bump stock zomwe zimafulumizitsa kuwombera, aphungu sanasinthe lamulo. Anasiyira ATF kuti itanthauzirenso mawu a 1934 n'kunena kuti chidacho ndi chiwaya. Mu June 2024 khoti la Supreme, oweruza 6 kwa 3, linati ATF inapyola malire. Aphungu akaopa kulankhula, amatuma kalaliki kuti akalankhule m'malo mwawo, kalalikiyo n'kukagwa kukhoti.

Zomwe zinachitika mu 2025 ndi mwana wa mantha omwewo, kungoti tsopano kuchokera mbali inayo. Aphungu a chipani cha Republican ankafuna kuchotseratu masayilensa ndi mfuti zazifupi mu NFA. Analibe mavoti 60 ofunika m'nyumba ya Senate, choncho anazilowetsa m'bilu ya zachuma yomwe imadutsa ndi mavoti ongoposa theka. Mlangizi wa ndondomeko za nyumbayo, Elizabeth MacDonough, anati kuchotsa kaundula si nkhani ya bajeti, sikungalowe m'bilu yotere. Iwo anati chabwino, msonkho ndiye ndi nkhani ya bajeti, n'kuutsitsa kufika pa ziro pa masayilensa, mfuti zazifupi ndi kagulu kena kotchedwa zida zina, kusiya madola 200 pa ziwaya ndi zida zophulika. Donald Trump anasaina pa 4 July 2025. Inki isanaume, mabungwe a eni mfuti monga Gun Owners of America anali atafika kale kukhoti, ndipo National Rifle Association ndi anzake anatsatira. Mfundo yawo ndi yosavuta kumva: mu 1937 munati kaundula ndi wololedwa chifukwa amathandiza kutolera msonkho, lero msonkho palibe, nanga kaundula waimira pati?

Funso limeneli si lachibwana, ndipo amene akufuna kaundula apulumuke asalinyoze. Mayankho alipo. Opanga ndi ogulitsa zida zimenezi amalipirabe msonkho wawo wapachaka, ndipo kuchokera zaka za m'ma 1940 makhoti akhala akuvomera kuti Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, ili ndi mphamvu zambiri pa malonda odutsa malire a zigawo, mphamvu zomwe Cummings sankazidalira mu 1934. Sayilensa yopangidwa ku Utah n'kugulitsidwa ku Georgia ndi malonda otere. Koma ngakhale boma litapambana ndi mfundo zimenezi, likhala lapambana mwa mwayi wa maloya, osati chifukwa aphungu anaimirira n'kunena chomwe akufuna.

Chomwe ndikanakonda kuona n'chakuti nyumba ya malamulo ilembe lamuloli mwatsopano, m'mawu oti mlenje wa ku Montana ndi mayi wa ku Chicago amve mofanana. Linene kuti zida zakutizakuti zilembetsedwe chifukwa cha zomwe zingachite m'manja olakwika, osati chifukwa boma likufuna sitampu. Kulembetsako kukhale kwaulere kapena kwa ndalama yongolipirira ntchitoyo, ndipo yankho lizibwera m'masiku otchulidwa m'lamulo, chifukwa kuchedwetsa dala chilolezo nakonso ndi msonkho wobisika, wolipira ndi nthawi. Mndandanda wa zida uwunikidwenso potengera ngozi, osati kandodo koyezera mpope. Ndikudziwa komwe mfundo imeneyi ikulowera: ikulowera pa pisitolo, ndipo chichokereni chigamulo cha khoti la Supreme pa mlandu wa Heller mu 2008, chomwe chinati munthu ali ndi ufulu wosunga pisitolo m'nyumba mwake, palibe phungu wofuna kusunga mpando wake amene amakonda kuyandikira pamenepo. Komatu chigamulo cha Heller sichinaletse kulembetsa, chinaletsa kuletseratu. Zigawo zina monga New York zimafuna chiphaso cha pisitolo kuyambira 1911.

Pomwe chaka cha 2026 chinkayamba, wogula sayilensa ku Texas ankadindabe zala, ankajambulitsabe nkhope, ankalembabe Form 4, ndipo chida chake chinkagonabe m'sefa ya sitolo kudikira yankho la ku Martinsburg. Chinasintha n'chakuti pa mzere wa msonkho ankalemba ziro. Ku California, New York, Illinois ndi zigawo zina zochepa, ziro ameneyu alibe tanthauzo, chifukwa malamulo a zigawozo saloleza munthu wamba kukhala ndi sayilensa n'komwe.